Ndikupita ku chinkhoswe ku Likoma: kodi chilumbachi ndi malo otani?

Mayi wa ku Chilomoni

Ndikupereka moni kwa nonse. Mwana wanga wamwamuna wapeza mbeta yochokera pa chilumba cha Likoma, ndipo akuchikazi apempha kuti chinkhoswe chikachitikire kwawo, kumudzi wa Makulawe, chifukwa agogo ake a mtsikanayo ndi okalamba ndipo sangathenso kuwoloka nyanja kubwera kuno ku Blantyre. Ife akuchimuna tavomera, pakuti mwana wa eni sitingamutenge tisanaone kumene anachokera. Tsiku sitinapangane, ndipo atisiyira ifeyo kuti tisankhe mwezi.

Vuto langa ndi lakuti ine ndinabadwira ku Thyolo, ndipo madzi aakulu amene ndinawolokapo ndi a mtsinje wa Shire pa mlatho wa ku Liwonde, nditakhala m'basi. Zithunzi zimene mtengwa wanga anandionetsa pa foni ndi za mchenga woyera ndi madzi obiriwira, koma chithunzi chimasankha poima, ndipo safunsa anadya phula. Ndikupempha amene munafikako mundifotokozere mmene malowa alili. Kodi ndi achidikha kapena amapiri, popeza mawondo anga salolanso zitunda? Kodi nzoona kuti chilumbachi chili ku Mozambique, moti tifunika ziphaso? Nanga anthu amalima chiyani pamalo ozunguliridwa ndi madzi, kuti tidziwe zoyenera kunyamula monga mphatso? Pomaliza, ndi mwezi uti umene nyanja imakhala yofatsa?

Mwana wa pa Chilumba, Zingwangwa

Mayi, ndikuyamikeni chifukwa cha chimwemwe chimene chalowa m'banja mwanu. Ine ndinabadwira ku Likoma kufupi ndi Mbamba, ndipo ngakhale ndakalambira kuno ku Zingwangwa, ndimapita kwathu pafupifupi chaka chilichonse, choncho ndiyesa kukufotokozerani monga ndimaonera ndikamafika.

Chilumbachi ndi chaching'ono kuposa mmene anthu ambiri amaganizira. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 18, ndipo kuchokera kumapeto a kumpoto kukafika kumapeto a kummwera ndi makilomita pafupifupi 8, mtunda wofanana ndi wochokera m'tauni ya Blantyre kukafika ku Limbe. Mnyamata wamphamvu akhoza kunyamuka ku Makulawe m'mawa, kukadya nsima ku Nkhwazi masana, n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Makulawe kumene mukupitako ndi chakumpoto, Nkhwazi ndi chakummwera, ndipo Mbamba, kumene kuli maofesi a boma, msika ndi doko, ndi mbali ya kum'mawa yoyang'anana ndi Mozambique.

Pa funso lanu la mawondo, mapiri onga Ndirande, Soche kapena Michiru kulibe, koma musaganize kuti ndi chidikha ngati ku Nchalo. Likoma ndi mwala umene unatumphuka m'madzi, ndipo paliponse pamene mungaponde mwala uli pafupi. Njira zimakwera ndi kutsika timapiri tating'ono todzaza ndi matanthwe, ndipo timiyala tomwe timagubuduzika pansi pa phazi ndi timene timagwetsa alendo kuposa zitunda zenizenizo. Nsapato zapamwamba za pa chinkhoswe muzinyamule m'chikwama, mukazivale mutafika pakhomo.

Chimene mudzayambe kuona sitima ikamayandikira ndi milambe. Kuno ku Blantyre munthu akafuna kuona mlambe amatsikira ku Chikwawa kapena kulowera ku Mangochi, koma kwathu milambe ili paliponse: pagombe, pabwalo la sukulu, kuseri kwa nyumba, ngakhale pakati pa miyala pamene simungayembekezere kuti mtengo ungamere. M'chilimwe imathothoka masamba onse n'kutsala njerenjere, yotuwa ngati matanthwe amene yaimapo, moti uli patali umalephera kusiyanitsa mtengo ndi mwala. Pansi pa milambe imeneyi ndi pamene asodzi amasokera maukonde, pamene milandu imakambidwa, ndiponso pamene anyamata a malipenga ndi amayi a chioda amakonzekera magule awo. Pali mlambe wina umene tinkasewerapo tili ana, womwe unali ndi mphako yoti ana asanu tinkalowamo mvula ikatipeza panjira, ndipo fungo la mileme la m'katimo ndikulikumbukabe mpaka lero. Mitengo ina yochuluka ndi ya mango, ndipo ikapsa chakumapeto kwa chaka ana sasamalanso za nsima ya masana.

Gombe lathu silili ngati la ku Mangochi kapena ku Salima kumene mchenga umapitirira mtunda wautali. Kwathu mchenga umapezeka m'timagombe tating'ono tobisika pakati pa mitu ya miyala, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi kagombe kake kumene mabwato amakocheza, amayi amatsuka mbale ndi kuchapa, ndipo ana amaphunzirira kusambira asanadziwe ngakhale kulemba dzina lawo. Mukaima pa thanthwe m'mawa nyanja ili bata, mudzaona pansi penipeni pa madzi, ndi tinsomba ta mbuna tamawangamawanga, tabuluu ndi tachikasu, tikudya ndere pamiyala. Zithunzi za mtengwa wanu sizinaname pa mfundo imeneyo.

Chimene chithunzi sichingakuuzeni ndi chakuti moyo wa chilumbachi unayang'ana kum'mawa. Mukaima pa Mbamba, mapiri a ku Mozambique amaoneka ngati mungawakhudze, chifukwa gombe la kumeneko lili pa mtunda wa makilomita ochepa chabe, ndipo tauni ya Cobué, imene ife timaitchula kuti Kobwe, imaoneka bwinobwino ndi tchalitchi chake. Dzuwa lathu limatulukira kuseri kwa mapiri amenewo. Nkhuni, nsungwi, udzu wofolera ndi zakudya zina zakhala zikuchokera tsidya limenelo pa mabwato ndi zombo za matanga kuyambira kale, mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri, ndipo Chinyanja chimene amalankhula kumeneko n'chimodzimodzi ndi chathu. Dziko lathu la Malawi ndi limene lili kutali: Nkhata Bay ili kumadzulo, ulendo wa maola angapo pa sitima, ndipo mapiri ake amangooneka ngati mtambo tsiku limene kunja kwayera. Ziphaso simufunika, Mayi, chifukwa mudzakwera ku Malawi n'kutsikanso ku Malawi.

Zolima ndi zochepa. Dothi ndi losaya, lamchenga ndi miyala, ndipo mbewu imene imapirira ndi chinangwa, chimene timaviika m'madzi, kuyanika pa matanthwe, n'kusinja kuti tipeze ufa wa kondowole. Mukamadzayenda mudzaona matanthwe ayera mbuu ngati pathiridwa laimu, chimenecho ndi chinangwa chikuuma. Chimanga chambiri chimachita kubwera pa sitima, choncho thumba la ufa woyera, nyemba, mbatata ya kachewere, kabichi, anyezi ndi tiyi wa kwanu ku Thyolo zidzalandiridwa ndi manja awiri. Nsomba zokha musanyamule, angakusekeni.

Mphunzitsi wa ku Soche

Mayi, ndiwonjezere pang'ono pa zimene Bambo a ku Zingwangwa afotokoza, makamaka pa nkhani ya malire, chifukwa ngakhale ophunzira anga a Fomu 3 imawasokoneza chaka ndi chaka. Likoma ndi chilumba chinzake cha Chizumulu, chomwe kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 3, ndi nthaka ya Malawi, koma madzi owazungulira ndi a Mozambique. Chiyambi chake ndi amishoni a Angilikani a bungwe la UMCA, amene anakhazikitsa likulu lawo pa Likoma m'zaka za m'ma 1880. Pamene Britain ndi Portugal ankagawana malire mu 1891, gombe la kum'mawa la chigawo chimenecho linapita kwa Apwitikizi, koma zilumbazo zinatsala m'manja mwa Angelezi chifukwa cha amishoniwo. Mu 1954 maiko awiriwa anagwirizananso kuti malire adutse pakati pa nyanja, ndipo zilumba ziwirizi zinapezeka kuti zili tsidya la Apwitikizi la mzerewo ngakhale zinakhalabe mbali ya Nyasaland. Kale zinkalamulidwa kuchokera ku Nkhata Bay, koma lero ndi boma paokha, laling'ono kuposa maboma onse m'dziko muno, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 14,500 pa zilumba zonse ziwiri. Mukagawa chiwerengero chimenecho ndi kukula kwa malowo mudzaona kuti anthu ndi othithikana ndithu, ndipo n'chifukwa chake nkhuni ndi malo olima zili zosowa.

Miyala imene Bambo anenayi ili ndi chifukwa chake. Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chimene chinapangika pamene nthaka inang'ambika n'kutitimira, ndipo chigwa chomwecho ndi chimene mtsinje wa Shire umatsata potsikira ku Nsanje. Likoma ndi Chizumulu ndi nsonga za miyala yakale zimene zinatsala pamwamba pamene zozungulira zinamira. Chakumpoto nyanjayi imazama mpaka mamita pafupifupi 700, ndipo kupitirira mamita 250 kutsika pansi mulibe mpweya woti nsomba n'kukhalamo. Madzi a pa Likoma amayera chotero chifukwa chilumbachi chilibe mtsinje waukulu wothira matope m'nyanja, mosiyana ndi magombe a kumtunda kumene mitsinje imatsitsa dothi la m'minda mvula ikagwa.

Za mwezi wabwino, yankho lili pakhomo panu pomwe. Mphepo imene imatibweretsera chiperoni kuno ku Blantyre kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndi yomweyo imene a kunyanja amaitcha mwera. Imaomba kuchokera kummwera motsata utali wa nyanja, womwe ndi makilomita oposa 550, ndipo popeza palibe chiitchinga, mafunde amanka nakula akamapita kumpoto. Tsiku limene mwavala juzi ku Chilomoni ndipo phiri la Michiru labisika mu nkhungu, dziwani kuti asodzi a ku Likoma akokera mabwato awo kumtunda. Nyanjayi si yoseweretsa: ngakhale Chauncy Maples, amene anali atangodzozedwa kukhala bishopu wa Likoma, anamira mu 1895 boti lake litagubuduzika pa namondwe, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota.

Mawu akuti nkhungu andikumbutsa chinthu china chimene chingadzakudzidzimutseni. Nthawi zina, makamaka m'dzinja mwezi ukakhala mumdima, pakati pa nyanja pamaoneka chipilala chakuda chokwera kumwamba ngati utsi wa sitima imene ikupsa. Umenewo si utsi koma tizilombo touluka tating'onoting'ono totchedwa nkhungu, timene mphutsi zake zimakulira m'madzi akuya n'kutuluka nthawi imodzi miyandamiyanda. Mphepo ikatikankhira kumtunda anthu amatikola ndi malichero kapena madengu onyowa, n'kutiumba timitanda toti n'kuphika ndiwo.

Wogulitsa usipa, msika wa Limbe

Aphunzitsi, munthu wanena kale kuti amaopa madzi, ndiye inu mukumuuza za bishopu womira? Mayi, musataye mtima, anthu amawoloka sabata iliyonse ndipo amafika bwino. Ine ndakhala ndikupita ku Likoma ndi ku Chizumulu kukagula usipa ndi utaka kwa zaka zambiri, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mbali imene eni dera sakonda kuitchula, chifukwa munthu akamakamba za kwawo amakumbukira milambe yokha.

Dzuwa la kumeneko si la kuno. Blantyre ili pamtunda, pamene nyanja ili mamita osakwana 500 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo miyala ija ikatentha masana imasunga moto mpaka usiku. Mu Okutobala mchenga umawotcha mapazi moti simungauponde opanda nsapato ikangokwana 10 koloko, udzu wonse umauma, ndipo chilumba chimene Bambo achifotokoza mokomachi chimasanduka chotuwa ngati phulusa, kupatula mitengo ya mango. Kukongola kwake kumakhala m'mawa kwambiri ndi madzulo, masana ndi nthawi yofuna mthunzi. Munyamule ambulera, chipewa ndi masikito, chifukwa udzudzu uliko.

Ulendo wanga wina wa mu Julayi sindidzauiwala. Ndinali ndi matumba asanu ndi limodzi a usipa wouma, ndipo chifukwa chothamangira msika ndinakwera boti la matabwa m'malo modikira sitima. Titangotuluka kuseri kwa chilumba, kumene miyala inkatitchinjiriza, mwera unatipeza. Mafunde ankabwera chammbali, boti linkakwera ngati likupita kumwamba kenaka n'kugwera m'dzenje, ndipo anyamata awiri ankakapa madzi ndi zigubu zodula osapuma. Amayi ena anayamba nyimbo ya kutchalitchi, tonse tinalandira, ngakhale amene sitinali a mpingo umenewo. Woyendetsa anaona kuti sizitheka ndipo anakhotera ku Chizumulu, kumene tinagona masiku awiri pamchenga kudikira kuti mphepo igwe. Usipa wanga unanyowa, theka ndinataya. Kuchokera tsiku limenelo, miyezi ya mwera ndimakwera sitima yaikulu basi, ndipo inunso ndikukulangizani kuti mukwere Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Mukhoza kukwerera ku Monkey Bay, koma ulendo wake ndi wautali, choncho kwa munthu woopa madzi ndi bwino kupita pa basi mpaka ku Nkhata Bay n'kukakwerera kumeneko, kuti nthawi ya pamadzi ichepe.

Komabe masiku awiri a ku Chizumulu aja anandionetsa chinthu chimene sindikanachiona. Chilumba chimenechi ndi chaching'ono koma chokwera, minda ya chinangwa anaikonza m'mizere yotchingidwa ndi miyala m'mbali mwa phiri kuti dothi lisakokoloke, ndipo Chitonga chimamveka kwambiri kuposa ku Likoma. Usiku wachiwiri mphepo itagwa, asodzi anatuluka ndi nyali zokopera usipa, ndipo nyanja yonse inadzaza ndi timiuni mpaka kumene maso amalekezera, moti ndinaona ngati ndaima pa Soche usiku n'kumayang'ana magetsi a mu mzinda. M'mawa mwake thandala lililonse pagombe linali litayera ndi usipa wonyezimira, nkhwazi zikulira m'mitengo. Zimenezi mudzazionanso ku Makulawe ngati mudzafike mwezi uli mumdima, popeza mwezi ukawala usipa sutsata nyali.

Mwezi wanga ndi Okutobala, ngakhale ndadandaula za kutentha. Kutentha munthu amapirira pansi pa mtengo, koma mafunde alibe pothawira.

Mayi wa ku Chilomoni

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso, ndipo nkhani ya bishopu ndaimva koma sindiuza amuna anga, chifukwa iwo ndi amantha kuposa ine. Bambo a ku Zingwangwa, kodi mukugwirizana ndi Okutobala? Ndamvanso kuti kuli tchalitchi chachikulu kwambiri. Ine ndimapemphera ku HHI, pa mishoni ya Blantyre, ndipo ndinkayesa kuti chathu cha St Michael ndicho chokongola kuposa zonse, ndiye ndikufuna ndidziwe ngati n'kotheka kukachiona kuchokera ku Makulawe osavutika.

Mwana wa pa Chilumba, Zingwangwa

Mayi, mtima wanga ukadasankha kumapeto kwa Epulo, pamene mvula yangosiya kumene, udzu uli wobiriwira pakati pa matanthwe, milambe ili ndi masamba, ndipo mapiri a ku Mozambique akuoneka bwino chifukwa utsi wa moto wa m'tchire sunayambe. Chilumbachi chimakongola koposa pa nthawi imeneyo. Koma mayi a ku Limbe anena zoona, chifukwa mwera umatha kuyamba msanga, ndipo inu mukuyenda ndi gulu la ankhoswe, ena mwa iwo okalamba. Sankhani kumapeto kwa Sepitembala kapena Okutobala, mvula ndi mphepo ya mpoto zisanayambe. Sitima ikangofika imapitirira ulendo wake ndipo imadzabwerera patapita masiku, choncho mupangane tsiku la chinkhoswe mutaona kaye ndondomeko ya sitima, osati kuyamba ndi tsiku.

Tchalitchi cha St Peter mudzachiona mosavuta, chifukwa chili pamtunda pang'ono kuchokera padoko la Mbamba, pamalo otchedwa Chipyela. Dzinali limachokera ku kupsa, pakuti pamalopo ndi pamene kale ankatenthera anthu oganiziridwa ufiti, ndipo amishoni anasankha dala kumangapo nyumba ya Mulungu. Ntchito inayamba mu 1903, anachipatula mu 1905, ndipo inatha mu 1911, patapita zaka 20 chimalizireni chanu cha St Michael mu 1891. Sindikufuna kukangana nanu pa za kukongola, popeza njerwa za chanu zinaumbidwa mwaluso lodabwitsa, koma pa kukula chokha mudzavomereza nokha. Chinamangidwa mooneka ngati mtanda, utali wake ndi mamita pafupifupi 100, ndipo mpaka lero ndicho tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Angilikani ya kumpoto kwa Malawi. Chimene chimandigwira mtima ine si kukula kokhako koma malo amene chaima. Umayenda m'kanjira kafumbi pakati pa mbuzi, nkhuku ndi chinangwa choyanika, ndipo mwadzidzidzi nsanja ziwiri zimatulukira kuseri kwa mitengo, ngati kuti wina anazinyamula ku mzinda waukulu n'kuziiwala pamenepo. Mukalowa m'kati masana dzuwa likuswa mtengo, mudzapeza kuti muli kozizira bwino, ndipo kuwala kolowera m'magalasi amitundumitundu kumagwera pansi pamene mibadwo ya anthu a kwathu yakhala ikugwada.

Kuchokera ku Makulawe simuyenera kuyenda pansi. Galimoto ndi zochepa pachilumbapo, koma njinga zamoto zilipo, ndipo ngati mawondo sakulola kukwera njinga, akuchikazi akhoza kukupezerani boti loti likudutsitseni m'mbali mwa gombe m'mawa nyanja isanadzuke, ulendo umene udzakuonetseni timagombe tonse tija tili m'ndandanda. Mukapite Lamulungu kuti mukamve kuimba. Mapemphero ake amatalika, choncho mudye kaye phala musananyamuke, ndipo mutenge botolo la madzi ndi chitenje china choyala pa thanthwe podikira boti lobwerera.